Kagiya Kothyoka Dzino M'mimba mwa Mota

Okondeka achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana onse. Mwadzuka bwanji kumeneko? Nanga dzanja lamanja lija likupeza bwanji? Inde, ndafunsa za dzanja. Musatembenukire kwa alamu ndi diso loipa, muona m'munsimu momwe ndadziwira.

Kuno tili bwino ndithu. Amayi mawondo ndi omwe aja, koma pakamwa pali bwino kwambiri. Dzulo lomweli anandizazira chifukwa chopachika nsalu ya pawindo mopendama. Ati mukanakhalapo inu, a Bwinobwino, mukanayamba mwayeza ndi chingwe kawiri musanakhome msomali.

Mudabwa kulandira kalata yolemba pamanja chonsecho foni ilipo. Foniyo ndaigwira kangapo sabata ino, nambala yanu n'kuipeza, kenako n'kuibwezera m'chikwama. Nkhani yomwe ndili nayo ikufuna muiwerenge mutakhala pansi, ndipo kalata ili ndi ubwino umodzi, simungaidule mawu monga mumandichitira ine. Chonde mufike nayo kumapeto.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yojambula makina pa kompyuta asanapangidwe. Chomwe mwina sindinakufotokozereni n'chakuti sitijambula zonse tokha. Mamota, mapampu, mabering'i, zimenezi timagula. Wogulitsa amatitumizira fayilo ya chojambula cha chinthucho, ife n'kuchitenga n'kuchiika pamalo pake m'makina athu. Zomwe timafuna kwa iye ndi zochepa: kukula kwa chinthucho, pomwe pali mabowo a mabawuti, ndi pomwe patulukira shafiti, chitsulo chozungulira chija. Chigoba chokha basi, zam'kati ndi zake.

Mwezi watha bwana anandipatsa ntchito yaikulu kuposa zonse zomwe ndinagwirapo, lamba wonyamula mabotolo wozungulira pafupifupi fakitale yonse, woyendetsedwa ndi mamota 24. Ndinasangalala mpaka ndinagula nsapato zatsopano.

Ndinaika mota yoyamba, kompyuta inangotsokomola pang'ono. Nditafika pa yachisanu, fani ya kompyutayo inayamba kulira ngati ikufuna kuuluka. Nditaika onse 24, zinthu zinaima nji. Ndikagwedeza mausi kuti nditembenuze chojambula, pa sikirini pamangobwera kabwalo kozungulirazungulira. Ndimapita kukatereka tiyi, kumwa, kutsuka kapu, pobwera n'kupeza chojambula chikungoyamba kumene kutembenuka. Kutsegula fayilo yokha m'mawa kumatenga mphindi 40.

Ndinaitana bambo wa makompyuta wa pantchito pathu, munthu wosalankhulalankhula. Anaunika apa ndi apo, kenako anati kompyuta yanga siikudwala, ndangoisenzetsa katundu wa anthu khumi. Anandilozera fayilo ya mota ija n'kundiuza kuti ndiitsegule payokha ndione chomwe chili m'katimo.

Achimwene, mukundidziwa. Simunanditche Kafunsefunse pachabe. Ndinavundukula chivindikiro cha mota ija pa sikirini.

Wojambula mota imeneyi anajambula chilichonse. Bawuti iliyonse inali ndi timizere take tozungulira, kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Bering'i iliyonse inali ndi timipira take, kamodzikamodzi. Waya wamkuwa anamukulunga mzere ndi mzere monga alili m'mota yeniyeni. Kachitsulo ka pambali kolembapo manambala kanali ndi zilembo zotukuka, ndi timisomali tinayi tokagwira. Ngakhale kabowo kopopera girizi kanali ndi kampira kake ndi kasipuling'i kake m'kati. Ndinawerenga pa mndandanda: zidutswa 4,300 m'mota imodzi. Muchulukitse ndi 24. Kompyuta yanga imayenera kukumbukira zidutswa zoposa 100,000 nthawi iliyonse ndikagwedeza dzanja.

Ndinakwiya, koma ndisaname, ndinagomanso. Ndinkangodzifunsa kuti kodi ameneyu ndi munthu wotani, wokhala pansi n'kumajambula kasipuling'i komwe palibe adzakaone mpaka mota idzatayidwe? Amagona nthawi yanji? Kunyumba kwake amamupirira bwanji?

Kugomako kunatha Lachitatu la sabata yotsatira. Bwana anabwera ndi eni fakitale ya mabotolo kuti aone pomwe tafika. Anaima anthu anayi kumbuyo kwa mpando wanga. Mmodzi anapempha kuti nditembenuze lamba aone kunsi kwake. Ndinagwedeza mausi, kabwalo kaja n'kubwera. Tinadikira mphindi khumi ndi imodzi, ndinaziwerenga pa wotchi ya pakhoma. Bwana anakamba za nyengo, nkhani za nyengo n'kutha. Mlendo wina anafunsa mwaulemu ngati ntchitoyi siinandikulire. Nsapato zatsopano zija zinayamba kundithina.

Alendo atangotuluka, ndinalemba imelo kwa wogulitsa mamota uja. Nditailemba sindinaiwerengenso. Zambiri zinali zoona ndi zoyenera, koma kumapeto ndinawonjezera mawu awa: "Amene amajambula mamota anuwa akuoneka kuti sanagwirepo ntchito yeniyeni, akungodzionetsera. Pezani munthu wodziwa ntchito." Pansi sindinalembe dzina langa, ndinangoika la ofesi yathu yojambula. Nditatumiza mtima unakhala pansi, mpaka ndinadya bwino masana amenewo.

Patadutsa sabata, bwana anati tisadikirenso yankho, ndingoyamba kuchotsa matumbo a mota ija ndekha. Ndi momwe timatchulira kufufuta zam'kati n'kusiya chigoba. Ndikanatha kusankha zonse nthawi imodzi n'kufufuta, ntchito ya mphindi zisanu. Koma chidwi changa chija chinandigwira, ndinayamba kusenda pang'onopang'ono ngati anyezi, n'kumayang'ana chilichonse ndisanachitaye.

Apa m'pamene ndinayamba kukayikira mawu anga aja. Munthuyu ankadziwa zinthu zomwe sitiphunzira pa desiki. Pafupi ndi bawuti iliyonse anasiya mpata woti sipanala ilowe n'kutembenuka. Bawuti ina yobisika kuseri anaifupikitsa mutu, ndipo nditaganiza bwino ndinaona kuti yaitali siikanatuluka popanda kumasula mota yonse. Ameneyu sanali wodzionetsera ayi. Anali munthu woti zala zake zinapanikizikapo m'malo amenewo.

Kenako ndinachotsa chivindikiro chakumbuyo. Pakona, pamalo opanda kanthu, panali kachinthu kakang'ono kosalumikizana ndi china chilichonse. Pa mndandanda kanalibe nambala. Ndinayesa kachitsotso koiwalika, ndipo chala chinali kale pa batani lofufutira. Koma ndinati ndiyambe ndakaona.

Ndinakakuza mpaka kanadzaza sikirini. Kanali kagiya ka mano khumi ndi awiri, koma dzino limodzi lothyoka. Lothyoka mopendama, mbali imodzi yotsalako pang'ono. Pabowo lapakati panadutsa kawaya kopinda ngati mphete, koti munthu akolekepo makiyi.

Achimwene, ndinachotsa dzanja pa mausi ngati ndagwira mbaula.

Ndinatsegula fayilo ya pampu yochokera kwa wogulitsa yemweyo. Kanalimo, kuseri kwa chivindikiro. Ndinatsegula ya giyabokosi, kanalimonso. Mafayilo asanu ndi awiri, ndipo m'iliyonse kagiya komweko, dzino lomwelo.

Inu mukukadziwa, koma ndilembebe, chifukwa m'nyumba mwathu nkhaniyi sinanenedwepo bwinobwino. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene ndinakwera pa mpando n'kutsitsa wotchi ya pakhoma ya malemu bambo. Ndinkafuna kuona chomwe chimalira m'katimo. Ndinatsegula ndi mpeni wa patebulo, n'kukanula kagiya kamodzi mpaka dzino linati thyo. Inu munandipeza ndikulira, zitsulo zili mbwee pamphasa. Bambo atalowa, musanafunsidwe n'komwe, munati mwathyola ndinu. Lamba wawo munamulandira inu, ine nditabisala kuseri kwa chitseko. Kagiyako munakatola n'kukaika ku makiyi anu, ndipo ndinakula ndikukaona kakulendewera m'thumba mwanu. Simunandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pomwe tinkakangana.

Koma mutu wanga unakana. Ndinati achimwene anga ndi okonza makina, amakhala ndi girizi mpaka m'zigongono, kompyuta amaitcha wailesi yakanema ya anthu aulesi. Komanso dzina la wogulitsa wathu si la fakitale yanu. Ndinafunsa mnzanga wa ku ofesi yogula zinthu, iye n'kundiseka. Anati wogulitsa sapanga kanthu, amatenga katundu ku mafakitale osiyanasiyana n'kumatapo dzina lake. Anandionetsa pepala lomwe linabwera ndi mota yoyesera, ndipo pansi penipeni, m'tizilembo ting'onoting'ono, panali dzina la fakitale yanu.

Nthawi ya nkhomaliro ndinatuluka panja n'kuimbira alamu. Poyamba anazemba, ati zonse zili bwino, ati ana akukula. Nditawafunsa kuti kodi achimwene anayamba liti kujambula pa kompyuta, m'pamene anamasuka.

Anandiuza kuti zaka ziwiri zapitazo dzanja lanu linapanidwa, ndipo zala ziwiri zinauma moti sipanala simuthanso kuigwira mwamphamvu. Ati munawaletsa kutiuza kuopa kuti amayi angadwale nayo nkhawa. Ati fakitale inakusamutsirani ku ofesi yojambula, ndipo munaphunzira pulogalamu ija muli ndi imvi kale, mukugwira mausi ndi dzanja lamanzere. Ati mumamasula mota yeniyeni pa tebulo, n'kuyeza kachidutswa kalikonse, n'kukajambula. Ati tsiku lomwe munamaliza timizere ta mabawuti munabwera kunyumba mukuimba.

Ndinali nditatsamira khoma, ndikumwetulira ndekha ngati wopenga. Ndipo alamu anapitiriza.

Anati koma masiku ano zinthu sizili bwino. Ati kunabwera kalata yochokera kwa kasitomala wina, wogulitsa n'kuitumiza kwa akuluakulu a fakitale. Ati akupatsani mpaka kutha kwa mwezi uno kuti mafayilo apepuke, apo ayi ntchito yojambula aipereka ku kampani ina yakunja, ndipo ndi dzanja limenelo malo ena oti akuikeni palibe. Ati kalatayo munaisindikiza, mumayenda nayo m'thumba la malaya, ndipo mumaitulutsa n'kumaiwerenga ngakhale pa tebulo chakudya chikuzizira. Anandiuza mawu omwe munanena, ndipo sakuchoka m'makutu mwanga: "Mwina akunena zoona. Ine ndimayesa kuti ndikuwalemekeza."

Alamu anamutukwana kasitomala ameneyo, ndipo anamutukwana bwino. Ine ndinangoti eya, eya. Ndinalibe mphamvu yowauza.

Achimwene, kalata imeneyo ndinalemba ndine.

Ndine ndinati simunagwirepo ntchito yeniyeni. Inu, amene munasiya sukulu n'kukalowa m'fakitale bambo atamwalira kuti ine ndipitirize. Inu amene munandiphunzitsa kusongola pensulo ndi kujambula mzere wowongoka pa tebulo la kukhitchini. Ndachita manyazi kwambiri, ndipo ndikupepesa ndi mtima wanga wonse. Sindinganene kuti sindinadziwe kuti ndinu ngati kuti zimenezo zikundiyeretsa. Akanakhala mchimwene wa munthu wina, mawuwo akanapweteka chimodzimodzi. Madzi akatayika saoleka, koma ndikufuna ndiyesebe.

Tsopano mundilole ndikhale mlongo wanu wamakani uja pang'ono, chifukwa kukunamizani kungakhale kukulakwirani kachiwiri. Mafayilo anu ndi olemeradi. Ndi okongola kuposa onse omwe ndinawaonapo, koma sagwirika. Inu mumaona mota imodzi pa tebulo panu, ndipo kompyuta yanu imaikwanitsa. Ife timaika makumi awiri, ena zana, pamodzi ndi malamba, mafelemu ndi mapaipi. Timizere ta bawuti imodzi timalemera kuposa khoma lonse la fakitale, chifukwa khoma ndi mizere inayi basi, pamene timizereto ndi tokhotakhota kambirimbiri. Palibe anakuuzani zimenezi, ndipo ine amene ndinayenera kufotokoza ndinasankha kunyoza.

Koma mverani ichinso. Pa zidutswa 4,300 zija ndinasunga khumi ndi ziwiri, ndipo chimodzi mwa izo sindikanadziwa kuti n'chofunika. Ndi kachitseko kotulutsira oyilo kunsi kwa giyabokosi ya motayo. Ogulitsa ena amangotitumizira bokosi losalala, kachitsekoko osakaonetsa. Chifukwa inu munakajambula, ndinaona kuti felemu ya lamba wanga imadutsa pomwepo ndendende. Lamba akanamangidwa choncho, wokonza makina akanafunika kutsitsa mota yonse kuti angosintha oyilo, ndipo mamota ake 24. Mukudziwa bwino mawu omwe akanandinenera. Felemuyo ndaisuntha.

Ndiye nkhani ili apa. Ine ndimadziwa kupeputsa fayilo, koma sindidziwa chomwe sichiyenera kutayidwa. Inu mumadziwa chomwe dzanja la munthu lidzafune pakapita zaka zisanu, koma simunaphunzitsidwe kutaya. Mutu umodzi susenza denga, achimwene.

Ndalembanso kalata ina kwa wogulitsa, ndipo ulendo uno ndasaina dzina langa lonse. Ndanena kuti mawu anga oyamba anali achipongwe ndi olakwa. Ndafotokoza za kachitseko ka oyilo, ndipo ndapempha kuti wojambula wawo asachotsedwe, koma apatsidwe nthawi yopanga mafayilo awiri pa chinthu chilichonse: lodzaza la m'fakitale, ndi lopepuka la ife makasitomala. Bwana nditamufotokozera anasainanso pansi pa dzina langa. Sindikudziwa ngati kalata yachiwiri imathamanga ngati yoyamba. Mpaka lero sanayankhe, ndipo mwezi watsala ndi masabata awiri.

N'chifukwa chake mu envulopu muno mupezamo mapepala ena anayi. Ndalembamo ndondomeko yonse ya kapeputsidwe ka fayilo, batani ndi batani, ndi zithunzi zomwe ndajambula pamanja. Mizere ina yapendama, musaiyeze ndi chingwe. Loweruka masana ndidzakhala pafupi ndi foni, kompyuta ili yotsegula. Mukaimba, tidzachita mota yoyamba limodzi, inu muzinena choti chitsale, ine ndizinena pokanikiza. Yoyamba ikatheka, zinazo mudzazimaliza nokha m'masiku ochepa, ndikukudziwani. Mukafuna kuyamba mwandikalipira, kalipani, ndidzamvetsera mpaka mutope. Koma imbani.

Za dzanja sindinawauze amayi, imeneyo ndi nkhani yanu, ngakhale ndikuona kuti mukuwachepetsa. Koma za wotchi ndawauza. Lamlungu tikusenda mbatata ndinangoti amayi, wotchi ya bambo ija ndinathyola ndine. Sanadzutse n'komwe mutu. Ati ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo, chifukwa mukanatsegula inu mukanabwezeretsa chilichonse m'malo mwake, ndi kupukuta komwe. Ati bambo nawonso ankadziwa, koma anati mwana akasankha kuimira mlongo wake, usamuchititse manyazi pomukana. Zaka zonsezi ndakhala ndikusenza chinsinsi chomwe nyumba yonse inkachidziwa.

Pali zomwe ndikufunitsitsa kudziwa, ndipo mudzandiyankhe Loweruka. Kodi kagiyako mukadali nako ku makiyi, kapena munakajambula kuchokera m'mutu? Dzino lothyoka lija munaliyeza bwanji, popeza kupendama kwake ndi komweko ndendende? Nanga n'chifukwa chiyani mumakaika m'fayilo iliyonse? Ndaganiza mayankho angapo, koma ndikufuna ndimve lanu.

Lamba wa mabotolo ndamumaliza. Fayilo yonse tsopano imatseguka ndisanakhale n'komwe bwino pa mpando, ndipo imatembenuka ngati tsamba. Mamota onse 24 ndi zigoba zokhazokha. Bambo wa makompyuta anabwera kudzaona, n'kupeza kachinthu kamodzi katsala m'kati mwa mota iliyonse. Anafunsa ngati ndakaiwala, n'kutambasula dzanja kuti akafufute. Ndinamugwira mkono. Ndinamuuza kuti kameneko kasiyeni, kompyuta siikamva kulemera.

Lamba wa bambo munandilandirira, achimwene, ine ndili kuseri kwa chitseko. Uyu musandilandirire. Pepala lili m'thumba la malaya lija mulitulutse, mulembe dzina langa pansi pake, muwaonetse alamu kuti adziwe yemwe ankamutukwana. Kenako muling'ambe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti zonse zomwe ananena ndazilandira ndipo ndikuyenera. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono uja amene ndamva kuti wayamba kumasula zoseweretsa zake. Musamuletse, mungobisa wotchi. Amayi akuti muzivala juzi m'mawa. Mulungu akusungeni, alimbitse dzanja lanulo, ndipo afewetse mitima ya akuluakulu anu.

Ine mlongo wanu wodikira foni Loweruka,

Kafunsefunse